Muli ndi 16, wogawa waonetsa 10: tiyeni tifunse spreadsheet

Mwa masewera a njuga amene adzaza m'mafoni masiku ano, blackjack ndi imene ili ndi mbiri yoti ndi ya anthu oganiza. Pa roulette mumangoyang'ana kampira, pa Aviator mumangoyang'ana kandege, koma pa blackjack amakufunsani funso: mutenga khadi lina kapena muima pomwepo? Ndiye poti mwafunsidwa, mumamva ngati chiwongolero chili m'manja mwanu. Mbiri imeneyi si yabodza kwenikweni. Funso lililonse la mu blackjack lili ndi yankho lolondola, ndipo yankholo mukhoza kulipeza nokha pa Google Sheets kapena Excel ya pafoni yanu yomweyo, ndi masamu osaposa a Fomu 4. Sabata ino ndikufuna tiwerengere limodzi, chifukwa ine ndimaona kuti munthu amene wadziwerengera yekha manambalawa sapusitsika wamba ndi mauthenga aja oti "pambanani lero".

Malamulo ake ndi ochepa. Mumapikisana ndi wogawa makadi, amene amaimira kasino. Aliyense amafuna kuyandikira 21 popanda kupyola. Makadi a 2 mpaka 10 amawerengedwa momwe alembedwera, Jack, Queen ndi King amawerengedwa 10, pomwe Ace ndi 1 kapena 11, kutengera chimene chikukuthandizani. Inu mumalandira makadi awiri, ndipo pa makadi a wogawa mumaona limodzi lokha. Mukapambana amakupatsani ndalama yofanana ndi imene munaika. Mukayamba ndi Ace pamodzi ndi khadi la 10, imeneyo ndiye blackjack yeniyeniyo, ndipo mwamwambo amalipira 3 pa 2 iliyonse: K1,000 imabala K1,500. Wogawa alibe ufulu wosankha. Lamulo limamukakamiza kutenga khadi akakhala ndi 16 kapena kutsika, ndi kuima akafika 17. Chifukwa choti saganiza, n'zotheka kumuwerengera.

Chida chathu chachikulu ndi funso limodzi: nditachita chinthu chomwechi maulendo ambirimbiri, pa avareji ndingatsale ndi zingati pa ulendo uliwonse? Azungu amati expected value. Mumatenga chilichonse chimene chingachitike, n'kuchulukitsa phindu lake ndi mpata woti chichitike, kenako n'kuphatikiza zonse. Amene mumabetcha mpira mwakumana nazo kale, kungoti simunazilembe. Tiyerekeze matimu awiri ofanana mphamvu pa masewero oti sangathe mofanana, ndipo mbali iliyonse aipatsa 1.90. Mukaika K1,000, theka la nthawi mumapindula K900, theka linalo mumaluza K1,000. Theka la 900 kuchotsa theka la 1,000 ndi -50. Tikiti iliyonse yotere mumaigula K50, kaya tsikulo mwadya kaya mwadyedwa.

Tsopano tsegulani tsamba latsopano. Mumzere wotsika A lembani makadi kuyambira 1 mpaka 10. Mumzere B lembani mpata wa khadi lililonse: =1/13 pa Ace mpaka 9, ndi =4/13 pa 10, popeza 10, Jack, Queen ndi King onse ndi amodzi. Onetsetsani kuti =SUM ya mzerewo ikubwera 1. Apa tikuyerekeza kuti khadi likatuluka mpata wa makadi otsala susintha, ngati kuti mapaketi ndi osatha. Si zoona ndendende, koma pa tebulo la mapaketi 6 kapena 8 kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Nambala yoti muisunge m'mutu ndi 4/13, pafupifupi 31 peresenti. Blackjack yonse yazungulira pa kuchuluka kwa makadi a 10 amenewa.

Chinsinsi chopangira tebulo la wogawa ndi kuyambira kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Akakhala ndi 17 mpaka 21 nkhani yatha, waima. Akakhala ndi 22 kupita m'mwamba wapyola. Tibwere pa 16: makadi amene angamupyoletse ndi 6, 7, 8, 9 ndi a 10 anayi aja, onse 8 mwa 13, kapena 61.5 peresenti. Pa 15 amapyola nthawi yomweyo ndi makadi 7 mwa 13, koma akatenga Ace amafika pa 16, ndipo za 16 tawerengera kale. Ndiye fomula yake ndi =7/13+(1/13)*(8/13), yomwe ikupatsani 58.6 peresenti. Pa 14 mumagwiritsa ntchito mayankho a 15 ndi 16, n'kupeza 55.4. Kabokosi kalikonse kamatsamira pa timabokosi timene mwadzaza kale, ndipo mukalemba fomula ya SUMPRODUCT kamodzi, kwinako ndi kungoikoka ndi chala. Povuta ndi pa Ace wowerengedwa 11, chifukwa wogawa akhoza kuoneka ngati wapyola kenako Ace uja n'kusanduka 1. Zimenezi zimafuna tebulo lachiwiri pambali, ndipo ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Piriranibe, ndi ntchito ya madzulo amodzi basi.

Mukamaliza, manambala amene atuluke ndi awa, ngati wogawa amaima pa 17 wamtundu uliwonse. Akaonetsa 2 amapyola maulendo pafupifupi 35 pa 100 alionse, pa 4 ndi 39, pa 5 ndi pa 6 ndi cha m'ma 42. Akangoonetsa 7 nambala imagwa kufika pa 26, pa 9 ndi 23. Taonani bwino: ngakhale pa 6, khadi limene osewera amaliombera m'manja, wogawa amapulumuka nthawi zambiri kuposa momwe amapyolera.

Tifike pa funso la pamutu paja, lomwe ndi lodziwika kuti ndi lowawa kuposa onse. Muli ndi 16, wogawa waonetsa 10, ndipo wasuzumira kale n'kuona kuti alibe blackjack. Mukaima, mupambana pokhapokha iye atapyola, ndipo tebulo lathu likuti mpata wake ndi 22.98 peresenti. Kupambana 0.2298 kuchotsa kuluza 0.7702 kukupereka -0.5404. Pa K1,000 iliyonse, K540.40 yapita.

Nanga mukatenga khadi? Maulendo 8 mwa 13 mwapyola, K1,000 yonse yapita. Makadi asanu otsalawo amakufikitsani pa 17, 18, 19, 20 kapena 21, ndipo nambala iliyonse ili ndi mtengo wake pamaso pa 10 wa wogawa. Pa 17 mumaluzabe pafupifupi K420 pa avareji. Pa 18, imene ambiri amaiona ngati yabwino, mumaluzabe K178. Pa 19 m'pamene mumayamba kupuma, phindu la K63. Pa 20 ndi K555, pa 21 ndi K963. Phatikizani zisanuzo, chotsani 8,000 ya maulendo opyola aja, gawani ndi 13. Yankho ndi -539.80.

Kuima: -540.40. Kutenga: -539.80. Fomula ya =MAX isankha kutenga, ndipo m'matchati onse a blackjack mupeza kuti alemba choncho. Koma kusiyana kwake ndi matambala 60 pa K1,000. Anthu amakangana mpaka kutukwanana pa nkhani ya matambala 60, pomwe chachikulu chili poyera: njira zonse ziwiri zikutenga kuposa theka la ndalama yanu. Mawu oti "yankho lolondola" apa akutanthauza kuluza pang'ono, basi. N'chifukwa chake pa matebulo amene amalola kugonja, komwe mumasiya theka la ndalama n'kutenga theka linalo, spreadsheet imasankha kugonja pa 16 ndi 10, popeza -500 ndi yabwinoko kuposa -540. Ine kabokosi kameneka ndimakakonda, chifukwa kamanena chinthu chimene mtima wa wosewera sufuna kumva.

Sikuti timabokosi tonse ndi tachisoni ayi. Mukakhala ndi 11 wogawa ataonetsa 6, kutenga khadi limodzi kumabala K334 pa K1,000, ndipo malamulo amakulolani kuwirikiza ndalama yanu n'kulandira khadi limodzi lokha, ndiye phindu limakhala K667. Wosewera amene amaopa kuwirikiza pamenepa akutaya ndalama imene inayenera kukwirira maenje a 16 aja. Palinso malo ena odabwitsa. Muli ndi 12, wogawa waonetsa 3: kuima ndi -252, kutenga ndi -234, ndiye tengani. Koma akaonetsa 4, kuima ndi -211 pomwe kutenga ndi -214, ndiye imani. Palibe munthu amene angamve kusiyana kotereku m'thupi mwake, ngakhale atasewera zaka 20.

Za inshulansi sizifuna n'komwe tebulo. Wogawa akaonetsa Ace amakufunsani ngati mukufuna kubetcha pambali kuti khadi lobisikalo ndi 10, ndipo amalipira 2 pa 1. Maulendo 4 mwa 13 mumapata 2, maulendo 9 mumaluza 1. Ndiye 8 kuchotsa 9, kugawa ndi 13, ndi -7.7 peresenti. Dzina lokha ndi lokoma.

Mwina mukudabwa kuti kasino amadyera pati, poti malamulo akuoneka ofanana mbali zonse. Amadyera pa ndondomeko ya kasewero: inu ndi amene mumayamba. Mukapyola, ndalama yanu imatengedwa nthawi yomweyo, ngakhale wogawa atadzapyolanso pambuyo pake. Wosewera motsanzira wogawa amapyola pafupifupi maulendo 28 pa 100, wogawanso chimodzimodzi, ndiye pafupifupi maulendo 8 pa 100 onse awiri akanapyola, koma woluza ndi mmodzi. Malipiro a 3 pa 2 amabwezako pang'ono, n'kutsala pafupifupi 5.5 peresenti. Kuima pa nthawi yake, kuwirikiza ndi kulekanitsa makadi ofanana kumadula nambalayi mpaka kufika cha pa 0.5 peresenti pa malamulo abwino. Poyerekeza, roulette ya ziro mmodzi imatenga 2.7 peresenti, ya maziro awiri 5.26. Ndiye n'zoona kuti blackjack ndi yotchipa kuposa anzake. Koma chizindikiro cha kutsogolo kwa nambalayo ndi chochotsera ndithu, ndipo palibe kabokosi kamene mungasinthe kuti chitembenuke.

Tchati imene tikupangayi ili ndi eni ake. Mu 1953 msilikali wina wa ku America, Roger Baldwin, amene anaphunzira masamu ku Columbia University, anayamba kuwerengera nkhaniyi ali ku Aberdeen Proving Ground m'chigawo cha Maryland. Anagwirizana ndi anzake atatu, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, ndipo ankagwiritsa ntchito makina owerengera a pa desiki, opanda kompyuta. Zotsatira zawo zinatuluka mu 1956 mu Journal of the American Statistical Association. Ntchito imene inawadyera nthawi yaitali chonchi, foni ya m'thumba mwanu imaimaliza musanaphethire. Kenako Edward Thorp, mphunzitsi wa masamu ku MIT, anatenga ntchito yawo n'kuilowetsa mu kompyuta ya IBM 704, ndipo anaona chinthu chimene tebulo lathu lachinyalanyaza dala: makadi amene atuluka sabwereranso mpaka atasakanizidwa. Ngati ang'onoang'ono atuluka ambiri, otsalawo ali ndi ma 10 ndi ma Ace ochuluka, ndipo mphepo imatembenukira kwa wosewera. Buku lake la Beat the Dealer linatuluka mu 1962. Mu 1964 makasino a ku Las Vegas anasintha malamulo chifukwa cha mantha, koma osewera atayamba kuthawa matebulo anabwezeretsa akale aja.

Nkhani ya Thorp ndi imene imakopa achinyamata ambiri, makamaka amene anaonera filimu ya 21 ya mu 2008, ya ophunzira a ku MIT owerenga makadi. Njira yotchuka ya Hi-Lo ndi yosavuta kuifotokoza: khadi la 2 mpaka 6 likatuluka mumaonjezera 1, la 10 kapena Ace mumachotsa 1, ndipo nambala ikakwera mumaika ndalama zambiri. Katswiri weniweni amapata cha pa 1 peresenti, ndipo amafunika thumba lalikulu loti lipirire miyezi yoluza. Makasino anayankha ndi mapaketi ambiri, makina osakaniza makadi mosalekeza, ndi kuthamangitsa amene awaganizira. Pafoni ndiye nkhani imathera pakhomo: mu blackjack ya pakompyuta makadi amasakanizidwa mwatsopano ulendo uliwonse, ndiye palibe choti muwerenge. Amene akukugulitsani "njira ya Thorp" yoti muigwiritse ntchito pa gemu yotere akukugulitsani ambulera yoti mufunde pansi pa nyanja.

Chimene ndimalimbikitsa aliyense amene wafika apa ndi kuwonjezera kabokosi kamodzi ka malipiro a blackjack, kuti muzitha kukasintha. Blackjack imabwera pa mpata wa 2 kuchulukitsa 1/13 kuchulukitsa 4/13, pafupifupi kamodzi pa maulendo 21. Matebulo ena salipiranso 3 pa 2 koma 6 pa 5, kutanthauza K1,200 m'malo mwa K1,500. Ambiri saona vuto, ena mpaka amaganiza kuti 6 pa 5 ndi yaikulu poti manambala ake ndi aakulu. Sinthani 1.5 kukhala 1.2 m'kabokosi kaja muone: kasino waonjezera pafupifupi 1.4 peresenti, ndipo 0.5 uja wasanduka 1.9. Luso lonse limene munaphunzira lafufutidwa ndi mzere umodzi wolembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Lamulo loti wogawa atengenso khadi pa 17 wokhala ndi Ace limaonjezeranso pafupifupi 0.2.

Ena amati 0.5 peresenti ndi nkhani yaing'ono, ndi K5 chabe pa K1,000. Aiwala kuti peresentiyo siiwerengedwa pa ndalama imene mwatumiza kuchokera ku Airtel Money kapena Mpamba, koma pa ndalama yonse imene yadutsa pa tebulo. Pafoni palibe kudikira anzanu. Tinene kuti ulendo umodzi ukutenga masekondi 15, ndiye pa ola ndi maulendo 240. Pa K1,000 ulendo uliwonse, K240,000 yadutsa pa tebulo, ngakhale munayamba ndi K20,000 yokha yomwe yakhala ikungozungulira. Wosewera mosalakwitsa pa malamulo abwino walipira K1,200 pa olalo. Pa tebulo la 6 pa 5 walipira K4,560. Wotsanzira wogawa walipira K13,200.

Nanga bwanji tonse timadziwa wina amene anadya zambiri usiku umodzi? Yankho lake lilinso m'masamu. Zotsatira za ulendo umodzi zimasinthasintha ndi pafupifupi 1.15 ya ndalama imene mwaika, ndipo kusinthasinthaku kumakula motsatira square root ya maulendo, pomwe kuluza kumakula molunjika. Pa maulendo 100 a K1,000, kuluza koyembekezereka ndi K500, koma kukwera kapena kutsika ndi K11,500 n'kwachizolowezi. Ndiye pafupifupi theka la osewera amachoka akumwetulira, ndipo ndi omwe amajambula sikirini n'kuika pa WhatsApp. Pa maulendo 10,000 kuluza ndi K50,000 pomwe kusinthasintha ndi K115,000, ndiye ambiri ndithu akadali pamwamba ndipo akukhulupirira kuti ali ndi luso. Pa maulendo 1,000,000 kuluza ndi K5,000,000, kusinthasintha K1,150,000, ndipo wopambana mumuchita kumufuna ndi nyali. Inu simudzafika pa miliyoni msanga, koma kampani imafikapo mosavuta pophatikiza osewera onse. Iyo imakhala mu mzere womalizawo pomwe inu muli mu woyamba. Mukafuna kudzionera nokha, =MIN(10,RANDBETWEEN(1,13)) imakupatsani khadi mwachisawawa, ndipo mukhoza kusewera maulendo masauzande popanda kutaya tambala, kupatula bandulo.

Palinso njira ija imene siikalamba, yowirikiza ndalama nthawi iliyonse mukaluza kuti mukadzapambana mubweze zonse. Ilembeni m'mizere 10, kuyambira K500: 500, 1,000, 2,000, 4,000, mpaka mzere wa 10 umene uli K256,000. Mukaluza maulendo 10 otsatizana mwataya K511,500, ndipo ulendo wa 11 ukufuna K512,000, zonsezi pofuna kupata K500. Tikachotsa maulendo ofanana mphamvu, wosewera bwino amaluza pafupifupi maulendo 54 pa 100, ndipo fomula ya =0.536^10 ikuonetsa kuti tsoka lotere limagwa pafupifupi kamodzi pa mayesero 500. Kwa munthu wosewera maulendo 240 pa ola, zimenezo si za chaka chamawa. Komanso matebulo amakhala ndi malire a ndalama imene mungaike, ndiye mwina simungaloledwe n'komwe kufika mzere wa 11.

Kabokosi komaliza koyenera kudzaza ndi ka bonasi. Makampani ambiri amapereka ndalama yaulere kwa wolembetsa kumene, koma ndi lamulo loti muibetche maulendo angapo musanaitape, ndipo m'malamulo ambiri otere blackjack amaiwerengera pang'ono kapena saiwerengera n'komwe, chifukwa eni ake anapanga kale spreadsheet yawo. Tiyerekeze bonasi ya K10,000 yoti ibetchedwe ka 30. Imeneyo ndi K300,000. Ngati blackjack ikuwerengedwa 10 peresenti yokha, muyenera kudutsitsa K3,000,000 pa tebulo, maulendo 3,000 a K1,000, maola oposa 12 muli chiweramire pa foni. Pa 0.5 peresenti, popanda kulakwitsa ngakhale kamodzi, mtengo wake ndi K15,000, kuti mutape K10,000. Pa tebulo la 6 pa 5 ndi K57,000.